Dizilo: Dzina la Mjeremani Lomwe Likugaya Chimanga ku Fonte Boa

Kumapiri a Angónia, kuzungulira mishoni ya Ajezuwiti ya Fonte Boa m'boma la Tsangano, mafuta amodzi ali ndi mayina awiri. Pa pampu ku Ulongué amalemba gasóleo, m'Chipwitikizi cha boma. Koma mwini chigayo, kapena dalaivala wa lole yonyamula mbatatesi kumalire ndi Ntcheu, akamadandaula za mtengo mumva akuti dizilo wakwera.

Potero amakhala akutchula munthu. Rudolf Diesel, Mjeremani wobadwira ku Paris mu 1858, ndiye anapanga injini yosafuna mapulagi: imapanikiza mpweya mpaka utatentha kwambiri, mafuta akangopoperedwamo n'kuyaka okha. Chikalata cha umwini anachilandira mu 1893, ndipo injiniyo inayenda bwino ku Augsburg mu 1897. Pa chionetsero cha ku Paris mu 1900, injini ina ya mtunduwu inayendera mafuta a mtedza, nkhani yoti alimi athu aimve. Mwini wake sanadyerere thukuta lake nthawi yaitali. Mu Seputembala 1913 anasowa usiku m'sitima yochoka ku Antwerp kupita ku England.

Dzina lokha ndilo linapitiriza ulendo. Ajeremani akalemba "ie" amatchula "i" wokoka, ndipo "s" wa pakati pa mavawelo amamveka ngati "z". Angerezi ambiri anatengera katchulidwe komweko, ngakhale ena amatchula "s" weniweni, ndipo akamanena za mafuta amalemba ndi lemba laling'ono, kuiwala kuti panali munthu.

Litafika kwathu, liwuli linakumana ndi lamulo lakale: m'Chichewa phatikizo limathera ndi vawelo. N'chifukwa chake tili ndi sukulu, supuni ndi petulo. Dizilo analowera khomo lomwelo, ndipo "z" wa Chijeremani uja tinamusunga bwinobwino.

Pali ophunzira ena amene amaseka mayi wa kuchigayo akamanena dizilo, ati akupotoza Chingerezi. Akulakwa. Mayiyo sakulankhula Chingerezi ayi, akulankhula chinenero chake, ndipo Mngerezi naye liwuli anachita kubwereka. Aphunzitsi a mbali zonse ziwiri za malire, mwana adziwe gasóleo wa m'buku la Chipwitikizi, adziwenso Rudolf Diesel, koma akalemba Chichewa musamudule dizilo ndi cholembera chofiira.