Chifukwa chomwe mapu a nyengo amadukizadukiza akakulitsidwa pa foni

Mlimi wa ku Lulimile mumzinda wa Lichinga, kapena wa m'malire ku Mandimba ndi Metangula, angathe kuona pa foni mapu oyenda osonyeza komwe mitambo ikulowera asanadzale kapena asanayanike chimanga. Koma nthawi zambiri mapuwa akakulitsidwa kuti adzaze sikirini yonse, amayamba kudukizadukiza, mwinanso kuima ndithu.

Chithunzi choyenda chimapangidwa ndi zithunzi zambiri zoima, zomwe zimasinthana mofulumira mpaka diso limaona ngati chinthu chikuyenda. Filimu imaonetsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi, pomwe foni zambiri zimajambulanso sikirini ka 60 pa sekondi. Foni ikalephera kumaliza chithunzi chimodzi nthawi yake isanakwane, imachisiya ndi kudumphira chotsatira. Kudumphako ndi komwe munthu amakuona ngati kudukiza.

Chithunzi chilichonse chili ndi timadontho totchedwa mapikiselo. Chithunzi cha 320 m'litali ndi 240 m'lifupi chili ndi timadontho 76,800. Chikawirikizidwa mbali zonse ziwiri kufika 640 ndi 480, timadontho timafika 307,200. Zili ngati munda: ukawirikizidwa m'litali ndi m'lifupi, malo olima amakula kanayi, koma khasu ndi lomwelo. Sikirini ya 720 ndi 1600, yomwe imapezeka pa foni zambiri zotsika mtengo, ili ndi timadontho toposa miliyoni imodzi.

Vutoli lili pawiri. Ngati chithunzi chaima ndipo pakati pake pakuzungulira kabwalo, ndiye kuti netiweki ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel ndi yofooka pamalopo. Koma ngati chalowa chonse n'kumadukizabe, yomwe yalemedwa ndi foni, ndipo kugula mamega ena sikungathandize.

Opanga masamba a pa intaneti ali ndi njira zopeputsira katunduyu. Yoyamba ndi kusiya zithunzi za mtundu wa GIF, womwe udayamba mu 1987, ndi kugwiritsa ntchito vidiyo ya MP4, yomwe imadya mamega ochepa kwambiri. Yachiwiri ndi kulamula foni kuti ingosuntha kapena kukuza chithunzi chomwe yajambula kale, mmalo mojambulanso tsamba lonse. Yachitatu ndi kutsitsa liwiro: zithunzi 30 pa sekondi zoyenda mosadodoma zimaoneka bwino kuposa 60 zodumphadumpha.

Naye mwini foni ali ndi chochita. Atseke mapulogalamu ena monga Facebook ndi WhatsApp asanatsegule mapu. Pa YouTube asankhe 240p kapena 360p. Foni ikatentha imachepetsa yokha liwiro, choncho isasiyidwe padzuwa kumunda. Njira yosungira batire nayo imachepetsa liwiro la foni. Mapu akakanikabe, ndi bwino kuwaona ali aang'ono, chifukwa chofunika ndi kudziwa komwe mitambo ikupita.

Izi zimakhala zofunika kwambiri m'nyengo ya anamondwe. Namondwe Freddy adalowera kufupi ndi Quelimane mu Marichi 2023 ndipo adawononga kwambiri kum'mwera kwa Malawi. Mapu odukiza angabise njira ya namondwe wotere. Pachifukwa ichi, foni ikamavuta, alimi akuyenera kutsatira machenjezo a INAM ndi INGD omwe amaulutsidwa pa wailesi.