Kujambula malo ndi miyambo: zomwe wotumidwa ndi kamera ayenera kudziwa

Kuyambira mwezi wa Ogasiti mpaka Okutobala, maofesi a boma amatumiza antchito awo kukajambula zithunzi ku miyambo ya makolo. Umthetho umachitikira ku Hora m'boma la Mzimba, Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete m'dziko la Zambia, pomwe Mulhako wa Alhomwe umasonkhana kwa Chonde ku Mulanje. Koma zithunzi zambiri zomwe zimabwerako zimakhala za akuluakulu atakhala pamipando m'tenti, pomwe gule, bwalo ndi phiri lomwe lili kumbuyo sizioneka bwino, mwinanso osaonekamo n'komwe.

Vutoli nthawi zambiri si la kamera, popeza ngakhale foni zambiri za masiku ano zimatha kutulutsa chithunzi choyenera kusindikiza. Chomwe chimasowa ndi kukonzekera: kudziwa komwe dzuwa likhale, nthawi yofikira pamalopo komanso woyenera kupereka chilolezo. Zithunzi zomwezi ndizo zimalowa m'malipoti ndi m'timabuku tokopa alendo, choncho zikaipa, dera lonse limaoneka losakopa kwa munthu yemwe sanafikeko.

Choyamba ndi kuwala. Dzuwa likakhala paliwombo, mapiri amaoneka otuwa ndi ophwathalala chifukwa mulibe mithunzi yoonetsa zigwa ndi matanthwe. Nthawi yabwino ndi ola loyamba dzuwa litangotuluka ndi ola lomaliza lisanalowe. M'dziko muno mdima sumachedwa kugwa dzuwa likangolowa, kotero wojambula ayenera kukhala atafika kale ndi kusankhiratu poima. Ulendo wa boma wonyamuka 9 koloko m'mawa n'kubwerera 3 koloko masana umakhala utaphonya nthawi zonse ziwirizi, ndipo okonza maulendo akuyenera kuganizirapo.

Nyengo nayo ili ndi gawo lake. Phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo bungwe la UNESCO linaliika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2025, limaoneka bwino m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, mvula itangotsuka mlengalenga. Pofika Seputembala ndi Okutobala, utsi wa moto wa tchire ndi fumbi zimaliphimba moti palibe kamera yomwe ingalitulutse bwino kuchokera patali. Chiperoni cha m'nyengo yozizira chimatha kulibisa kwa masiku angapo, ngakhale kuti pomwe nkhungu yayamba kuyera m'pomwe pamapezeka zithunzi zina zokongola kwambiri. Ku Nyika, wofuna maluwa achilengedwe apite nthawi ya dzinja, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale.

Kunyanja, wojambula adziwe komwe gombe layang'ana. Ku Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay dzuwa limatulukira pamadzi, choncho ntchito ndi ya m'bandakucha, asodzi akamabwerera kumtunda. Ku Cape Maclear, m'dera la Lake Malawi National Park lomwe UNESCO inalizindikira mu 1984, dzuwa limalowera pamadzi. Mzere womwe madzi amakumana ndi thambo ukhale wowongoka, chifukwa ukapendekeka nyanja imaoneka ngati ikutayikira mbali imodzi. Mzerewu usadule chithunzi pakati penipeni: ngati mitambo ndiyo yakongola, thambo lipatsidwe magawo awiri mwa atatu, ndipo ngati ndi madzi, zikhale mosemphanitsa. Bwato, mtengo wa mlambe kapena munthu yemwe ali pafupi amathandiza woona chithunzi kuzindikira kukula kwa malowo.

Pa za nyama, langizo ndi lalifupi. Kukokera chinthu pafupi potambasula zala pafoni kumangowononga chithunzi. Ndi bwino kujambula njovu ya ku Liwonde ikuoneka yaing'ono pamodzi ndi mtsinje wa Shire ndi migwalangwa, kusiyana ndi kuiyandikira mophwanya malangizo a oyang'anira nkhalango.

Miyambo ndiyo imavuta kwambiri, chifukwa wojambula sasankha nthawi. Magule ambiri amavinidwa dzuwa likuswa mtengo. Nkhope za anthu ovala zipewa kapena nduwira zimada bii, makamaka ngati kumbuyo kwawo kuli tenti yoyera kapena thambo lowala. Wojambula aime poti dzuwa likhale kumbuyo kapena chammbali mwake, ndipo pafoni akhudze pankhope ya munthuyo kuti makina ayeze kuwala kuchokera pamenepo. Wokhala ndi kamera yaikulu aike liwiro la shutter pa 1/500 kapena kuposerapo kuti ovina ingoma kapena tchopa asatuluke mwachimbuuzi. Kugwada n'kujambula kuchokera pansi kumachititsa wovina kuoneka wamphamvu, komanso kumapewa kutchinga mafumu omwe akhala kumbuyo. Fumbi la pabwalo limakongoletsa chithunzi dzuwa likapendeka, koma ndi mdani wa kamera, kotero kusintha lenzi pabwalopo n'kosayenera. Oimba ng'oma, amayi owomba m'manja ndi ophika kuseri asaiwalike, popeza mwambo si mlendo wolemekezeka yekha.

Chitupa cha boma sichilowa m'malo mwa chilolezo cha eni mwambo. Gule Wamkulu, yemwe UNESCO inamulengeza kukhala chuma cha anthu onse mu 2005, ali ndi zoonetsa pabwalo ndi zosaonetsa. Wojambula ayambe waonana ndi amfumu ndi atsabwalo kuti amuuze poima ndi zomwe angajambule. Kudambwe si kojambula, ndipo gule akagwetsa chovala kamera itsitsidwe nthawi yomweyo. Gule wa pamaliro kapena pamwambo wa chiliza amasiyana ndi wa pachionetsero. Pamenepo pali anamfedwa, ndipo iwonso ayenera kufunsidwa. Vimbuza, yomwe inalengezedwanso chaka chomwecho, ndi gule wochiza. Yemwe akuvina pakhomo pa sing'anga ndi wodwala, ndipo kufalitsa nkhope yake popanda iye kuvomera sikusiyana ndi kujambula munthu ali pabedi m'chipatala. Ana nawo asajambulidwe pafupi popanda makolo kapena owayang'anira kudziwa.

Ku Chongoni m'boma la Dedza, komwe kuli malo 127 a zojambula za pamiyala omwe analowa pamndandanda wa UNESCO mu 2006, chiyeso chimakhala chothira madzi pathanthwe kuti utoto uoneke bwino. Mchitidwewu umafufuta zojambulazo, monganso kuzikhudza ndi manja. Zojambula zofiira ndi zoyera za ku Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi zimatuluka bwino thanthwe likakhala pamthunzi, kamera itagwiridwa mosagwedezeka.

Ntchito simathera pabwalo. Chithunzi chilichonse chikhale ndi mawu ofotokoza malo, mfumu yaikulu ya deralo, boma, tsiku, dzina la mwambo kapena la gule, ndi yemwe wajambula. Mawuwa alembedwe tsiku lomwelo, atafunsidwa kwa eni ake, chifukwa kutchula Kasiyamaliro kuti Chimkoko m'lipoti la boma kumakhumudwitsa eni mwambo, ndipo ena amadzakopera cholakwikacho. Potumiza ku likulu, dziwani kuti WhatsApp imachepetsa chithunzi chikatumizidwa mwa nthawi zonse, moti chimasweka posindikiza. Chitumizidwe ngati fayilo kapena pa imelo. Zithunzi zoyambirira zisungidwe pakompyuta ya ofesi komanso pamalo ena achiwiri, osati mufoni ya wantchito mmodzi yemwe mawa akhoza kusamutsidwira ku boma lina.