Chiboo cha Padenga Chiyesa Luso la Amisiri Athu

Chiyambire 1973, pamene Boma linakhazikitsa nkhalango ya Liwonde kukhala malo osungirako nyama, alendo sanaleke kudzera ku Balaka ndi ku Machinga, ena pa magalimoto okhala ndi chipinda chogonamo. Madenga ake kawirikawiri ndi a fibreglass, ndiko kuti ulusi wa galasi womangidwa ndi utomoni wa resin.

Mmisiri akaboola denga lotere pamalo olakwika, poika feni kapena sola, sangaliwotcherere monga chitsulo. Kumatapo phula nkudzinamiza, pakuti mvula ya dzinja idzapeza njira ndi kuoletsa matabwa a m'kati.

Njira yoyenera ndi iyi: apale m'mphepete mwa chiboocho motsetsereka, popalapo patambalale kuwirikiza ka 12 kuchindikala kwa dengalo, apukute ndi acetone, atchinge kunsi, kenaka ayale nsalu za galasi zoviika mu resin, ina pamwamba pa inzake, kufikira patalingana. Zikauma, asalaze ndi kupaka utoto.

Luso lomweli lifunikanso pa maboti a fibreglass a pa Shire, mtsinje wolekanitsa maboma awiriwa. Anyamata athu akaliphunzira, ndalama za alendo zidzatsala kuno kwathu.