Kuyezetsa Magazi kwa Achikulire ku Mughese: Amalipira Ndani?

Munthu akafika zaka 60, matenda ena amayamba kumulowa mwakachetechete. Kuthamanga kwa magazi, shuga ndi matenda a impso sachita kulengeza kuti afika. Amadziwika pokhapokha munthu akayezedwa. Komabe m'midzi ya ku Mughese, monganso m'madera ena a Mfumu Yaikulu Mwenemisuku, mabanja ambiri amazengereza kupita ndi agogo kuchipatala poopa kuti kuyezetsa magazi kufuna ndalama zomwe iwo alibe. Ena amaganiza kuti pafunika khadi la inshuwalansi. Nkhaniyi ndi yofunika kuimvetsa bwino.

M'dziko muno mulibe inshuwalansi ya boma ya zaumoyo yoti munthu azisonkha mwezi ndi mwezi. Ku Zambia ilipo, yoyendetsedwa ndi bungwe la NHIMA potsatira lamulo la 2018, ndipo ku America boma lidakhazikitsa Medicare mu 1965 kuti izilipirira chithandizo cha anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo. Malawi adasankha njira ina. Boma limalipira chithandizo cha m'zipatala zake kuchokera ku misonkho ndi ku thandizo la mabungwe akunja, ndipo wodwala salipira akafika pachipatala. Choncho gogo wa ku Mughese safunika khadi lililonse la inshuwalansi kuti ayezedwe magazi m'chipatala cha boma. Makadi onga a MASM ndi a anthu amene amasonkha okha kapena owasonkhera mabwana awo kuntchito, ndipo amagwira ntchito makamaka m'zipatala zolipiritsa.

Chofunika kudziwa ndi chakuti zoyeza zonse sizipezeka malo amodzi. Pachipatala chaching'ono, monga cha Misuku, pamayezedwa malungo ndi kachirombo ka HIV potenga kadontho ka magazi pachala, ndipo zotsatira zimatuluka tsiku lomwelo. Kuthamanga kwa magazi amakuyeza ndi lamba womanga pamkono. Shuga amamuyezanso ndi kadontho ka pachala ngati zipangizo zilipo. Zoyeza zofuna makina, monga kuwerenga kuchuluka kwa magazi m'thupi kapena kuona mmene impso ndi chiwindi zikugwirira ntchito, zimachitikira mu labotale ya chipatala chachikulu cha boma la Chitipa. Zikakanika kumeneko, wodwala amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, chomwe chimalandira odwala ochokera m'maboma onse a chigawo cha kumpoto.

Si nthawi zonse pamene wodwala amayenera kuyenda yekha ulendo wonsewo. Makhololo a munthu amene akuganiziridwa kuti ali ndi chifuwa chachikulu, ngakhalenso magazi a anthu omwe akumwa ma ARV, angathe kutengedwa pachipatala chaching'ono n'kutumizidwa ku labotale pa njinga yamoto. Ku zipatala zazikulu makhololo amayezedwa ndi makina a GeneXpert, omwe amasonyezanso ngati kachiromboko kakukana mankhwala ena. Zotsatira zimabwerera komwe wodwala adasiya makhololowo. Wosamalira wodwala ayenera kufunsa tsiku lobwera kudzamva zotsatira, n'kulisunga. Paja safunsa adadya phula.

Zipatala za mishoni zili ndi dongosolo lake. Zipatala za m'bungwe la CHAM, monga cha Kaseye, zimalipiritsa ndalama pang'ono pa chithandizo chawo, kuphatikizapo kuyeza magazi. Boma limachita nazo mapangano akuti anthu ena azithandizidwa ulere, boma n'kulipira pambuyo pake, koma mapangano ambiri otere amakhudza makamaka amayi oyembekezera ndi makanda. Kukalamba pakokha sikuchititsa kuti munthu asalipire. Motero banja likasankha chipatala cha mishoni kapena cha munthu wamba, ndi bwino kufunsiratu mtengo magazi asanatengedwe.

Chifukwa chiyani achikulire ayenera kuyezedwa ngakhale asakumva kupweteka? Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita mu 2009 mogwirizana ndi bungwe la WHO adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka a iwo sankadziwa. Vutoli limakula ndi msinkhu. Nambala zikamafika 140/90 kapena kupitirira apo, ulendo ndi ulendo, munthu afunika chithandizo. Akalekerera, mapeto ake ndi kufa ziwalo, matenda a mtima kapena kuwonongeka kwa impso. Shuga naye amawononga maso ndi mitsempha ya kumapazi pang'onopang'ono. Zizindikiro zake ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kuwonda popanda chifukwa ndi zilonda zochedwa kupola. Chifuwa chopitirira sabata ziwiri, makamaka chotsagana ndi thukuta la usiku, nchofunika kuyezetsa makhololo.

Kuyezetsa kumatetezanso mtendere wa pamudzi. Matenda osadziwika dzina ndiwo amabala mphekesera za ufiti, ndipo kawirikawiri oloza zala amaloza okalamba. Dokotala akanena kuti malemu kapena wodwala adagwa chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, mlandu wongopeka umasowa pogwira. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la anthu achikulire, lomwe cholinga chake ndi kuteteza ufulu wawo ndi kuwatchinjiriza ku nkhanza ndi tsankho.

Kunena kuti kuyeza ndi kwaulere sikutanthauza kuti banja silitaya kanthu. Ku Mughese mtengo weniweni ndi ulendo. Mapiri a Misuku ndi otsetsereka, mvula yake imagwa nthawi yaitali, ndipo kukwera njinga yamoto ndi munthu wokalamba kumafuna ndalama ndi chisamaliro. Nthawi zina mankhwala oyezera amatha kapena makina amawonongeka, wodwala n'kuuzidwa kuti abwerenso tsiku lina. N'chifukwa chake ndi nzeru kukonzeratu ulendowu m'nyengo ya chilimwe, misewu ikadali youma, ndi kupatula kangachepe pa ndalama za khofi, za nthochi kapena za Mtukula Pakhomo. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo angathe kuuza banja masiku amene chipatala chimaona odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi, kuti ulendo usapite pachabe.

Popita kuchipatala, wachikulire atenge kabuku kake ka kuchipatala, chiphaso cha unzika ndi mankhwala onse amene akumwa, ngakhale azitsamba awatchule. Ngati achipatala anena kuti adzayezedwa shuga asanadye, akhale maola 8 osadya kanthu, koma madzi angathe kumwa. Akatumizidwa ku Chitipa kapena ku Mzuzu, asaiwale kalata yomutumizira. Ndi bwinonso kuti mwana kapena mdzukulu amuperekeze, amve nawo malangizo ndi kuonetsetsa kuti zotsatira zalembedwa m'kabukuko.

Wogwira ntchito m'chipatala cha boma saloledwa kupempha ndalama kuti ayeze wodwala kapena kuti atulutse zotsatira msanga. Izi zikachitika, dandaulo lipite kwa wamkulu wa pachipatalapo, ku komiti yoyang'anira chipatala, kwa ombudsman wa chipatala kapena kwa khansala wa wodi. Nkhani za kusowa kwa zipangizo zoyezera zingadzere m'makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a dera, omwe amazifikitsa ku khonsolo, popeza ntchito za umoyo m'boma zili pansi pa Khonsolo ya Chitipa.

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ku Mughese ndiwo akulera adzukulu ambiri, ndiwonso akudziwa malire a minda ndi mbiri ya mabanja. Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi makomiti a chitukuko akupemphedwa kukumbutsa mabanja kuti aliyense wa zaka 60 kupita m'tsogolo aziyezetsa kuthamanga kwa magazi ndi shuga kamodzi pachaka, osadikira kuti ayambe wagwa.