Kamera yosankha khofi imafuna zambiri kuposa ndalama zoigulira

Chitipa, Mana: Khofi wa kumapiri a Misuku m'boma la Chitipa ndi mmodzi mwa khofi wa m'dziko muno amene ali ndi mbiri yabwino kumisika yakunja, koma mtengo wake umadalira kwambiri ntchito imodzi yomwe imabwera kumapeto, yosankha njere zoipa kuzichotsa pakati pa zabwino.

M'mafakitale ambiri a khofi padziko lapansi, ntchitoyi tsopano imagwiridwa ndi makina okhala ndi kamera yothamanga kwambiri, yomwe imaona njere iliyonse ikamagwa. Pomwe masomphenya a Malawi 2063, omwe adakhazikitsidwa m'chaka cha 2021, akulimbikitsa ulimi wa malonda ndi mafakitale, n'kofunika kuti akuluakulu ovomereza kugula makina otere amvetse bwino momwe amagwirira ntchito komanso zomwe amafuna kuti asangokhala chitsulo chogona m'nyumba yosungira katundu.

Alimi a ku Misuku, m'dera la Mfumu Yaikulu Mwenemisuku, amalima khofi wa mtundu wa Arabica, makamaka mbewu za Geisha ndi Nyika. Kopaletivi yawo ndi imodzi mwa makopaletivi omwe ali pansi pa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, bungwe lomwe lidayamba m'chaka cha 2007 polowa m'malo mwa Smallholder Coffee Farmers Trust ya m'chaka cha 1999.

Zipatso zikathyoledwa zimasendedwa, kutsukidwa ndi kuyanikidwa pamathandala komweko kumapiri. Khofiyo amanyamulidwa akadali m'chikhungwa chake choyera kupita ku Mzuzu, komwe amakachotsa chikhungwacho ndi kumuika m'mageledi asanatumizidwe kunja.

Ogula khofi wapamwamba sakhululuka pankhani ya njere zoipa. Malinga ndi muyeso wa bungwe la Specialty Coffee Association, woyesa amatapa magalamu 350 a khofi wosakazinga n'kuwerenga zolakwika. Khofi wa geledi yapamwamba sayenera kupezeka ndi cholakwika chachikulu ngakhale chimodzi, monga njere yakudiratu, njere yosasa, yankhungu kapenanso kamwala, ndipo zolakwika zing'onozing'ono siziyenera kupyola zisanu.

Kilogalamu imodzi ya khofi wa Arabica imakhala ndi njere pakati pa 5,000 ndi 7,000. Kontena imodzi yonyamula matumba 320 a makilogalamu 60 imakhala ndi matani 19.2, zomwe zikutanthauza njere pafupifupi 100 miliyoni kapena kuposerapo. Apa m'pamene kamera imaposera maso a munthu, pakuti siyitopa ndipo muyeso wake susintha pakati pa m'mawa ndi madzulo.

Momwe makinawa amaonera

Nzeru yosankha mbewu poyang'ana mtundu wake si yachilendo. Kampani ya Sortex idayamba mumzinda wa London m'chaka cha 1947, ndipo pambuyo pake idagulidwa ndi kampani ya Bühler ya ku Switzerland. Diso la kamera yamakono lidachokera ku ntchito ya Willard Boyle ndi George Smith, omwe m'chaka cha 1969 adatulukira kachipangizo ka CCD kosandutsa kuwala kukhala manambala. Awiriwa adalandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2009.

M'makina osankhira, khofi amathiridwa pamwamba n'kutsetsereka pangalande zachitsulo zosalala. Njere zikafika kumapeto kwa ngalandeyo zimadumphira m'malere, ndipo zili m'malere chomwecho zimadutsa pakati pa makamera awiri, ina kutsogolo ina kumbuyo, kuti njere ionedwe mbali zonse.

Kompyuta ya m'makinamo imayerekeza mtundu ndi maonekedwe a njere iliyonse ndi muyeso womwe idapatsidwa. Ikapeza njere yoipa imatsegula kavalavu komwe kamauzira mpweya wamphamvu, ndipo njereyo imagwera m'chotengera cha zotaya pomwe zabwino zimapitirira.

Kamera yotere siyijambula chithunzi chathunthu ngati ya pafoni. Akatswiri amaitcha kuti line scan, kutanthauza kuti imajambula mzere umodzi wopyapyala wopingasa njira ya njere, ndipo imabwereza kujambulako kambirimbiri pa sekondi. Kompyuta ndi imene imalumikiza mizereyo kuti ipange chithunzi cha njere.

Chifukwa chimene kamerayi iyenera kuthamangira chimaoneka bwino m'masamu. Mwachitsanzo, ngati njere ikugwa paliwiro la mamita 4 pa sekondi ndipo kamera yatsegula diso kwa gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, njereyo imakhala itayenda mamilimita 4. Popeza njere ya khofi wa geledi ya AA ndi yaikulu pafupifupi mamilimita 7 m'mimba mwake, chithunzicho chimatuluka chachimbuuzi ndipo kabowo kolasidwa ndi kachilombo sikangaoneke.

Kuti kusunthako kutsike kufika pa mamilimita 0.2, kamera iyenera kujambula mizere 20,000 pa sekondi. Ngati mzere uliwonse uli ndi timadontho 2,048 tamitundu itatu, uthenga wotuluka m'kamera umaposa mamegabaiti 120 pa sekondi, womwe ndi pafupifupi mlingo wonse womwe nthambo ya Gigabit Ethernet ingathe kunyamula.

N'chifukwa chake m'mafakitale mudakhazikitsidwa njira zovomerezeka zolumikizira kamera ku kompyuta, monga Camera Link ya m'chaka cha 2000, GigE Vision ya mu 2006 ndi USB3 Vision ya mu 2013. Ubwino wogula chipangizo chotsata njirazi ndi wakuti kamera kapena nthambo ikaonongeka, ina yolowa m'malo ingathe kupezeka kwa ogulitsa osiyanasiyana.

Kuika makina pamalo

Ntchito yoika kamera imayamba ndi kuwala. Diso likamatseguka kwa kanthawi kochepa chonchi limalandira kuwala kochepa, choncho makinawa amakhala ndi nyale zawozawo za LED zowala kwambiri komanso mosasinthasintha. Mababu wamba sathandiza, pakuti magetsi a m'dziko muno amayenda pa 50 Hz, ndipo mababu ena amaphethira ka 100 pa sekondi. Munthu saona kuphethirako, koma kamera imaona mizere ina yowala ndi ina yakuda. Dzuwa lolowera pawindo kapena padenga lobooka limasokoneza chimodzimodzi.

Chachiwiri ndi kukhazikika kwa makina. Ayenera kumangidwa pasimenti yolimba ndi yosalala, patali ndi makina ochotsa chikhungwa omwe amagwedeza pansi. Lenzi ikalunjikitsidwa bwino pamzere womwe njere zimadutsa, imamangidwa kuti isasunthenso. Kenaka katswiri amaika mbale yoyera yoyesera patsogolo pa kamera kuti timadontho tonse ta mumzere tiziona kuyera kofanana, kuyambira pakati mpaka m'mbali.

Chachitatu ndi nthawi yapakati pa kuona ndi kuuzira. Ngati mavalavu ali mamilimita 40 kunsi kwa mzere womwe kamera ikuyang'ana, njere yogwa pa mamita 4 pa sekondi imafika pamavalavuwo patadutsa gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi. Valavu ikafulumira kapena kuchedwa pang'ono, mpweya umaphonya njere yoipa n'kukankha yabwino yomwe ili pambali pake.

Mpweyawo umachokera mu kompuresa, ndipo uyenera kukhala wouma komanso wopanda mafuta. Madzi kapena oyilo zikalowa m'mapaipi, mavalavu amayamba kumata ndipo ena amaleka kutseguka. Choncho kompuresa, thanki yake, choumitsira mpweya ndi masefa ake ndi gawo la makinawo, ndipo ziyenera kukhala m'bajeti kuyambira pachiyambi.

Magetsi nawo ayenera kukhala okhazikika. Kuthimathima kwa magetsi komanso kukwera ndi kutsika kwa mphamvu yake kumaononga kompyuta ndi nyale, ndipo makina akazima mwadzidzidzi khofi yemwe anali panjira amagwa wosasankhidwa. Pamafunika chipangizo chowongolera mphamvu ya magetsi, mabatire oteteza kompyuta ndi jenereta yokwanira kuyendetsa kompuresa.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku

Makina akaikidwa, woyendetsa ndiye amawaphunzitsa kusiyanitsa chabwino ndi choipa. Amasankha pamanja njere zabwino ndi zoipa kuchokera mu khofi yemweyo, n'kuzionetsa ku kamera kuti kompyuta idziwe pomwe malire ali.

Malirewa amafuna nzeru. Akakhwimitsidwa kwambiri, makina amataya njere zabwino zambiri pamodzi ndi zoipa, ndipo mlimi amaluza makilogalamu omwe akadagulitsidwa pamtengo wapamwamba. Akafewetsedwa, njere zakuda zimalowa m'matumba ndipo wogula amatsitsa mtengo kapena kukana katunduyo.

Woyendetsa wodziwa ntchito amatapa khofi nthawi ndi nthawi kumbali zonse ziwiri, kotulukira zabwino ndi kotulukira zotaya, n'kuwerenga pamanja ndi kulemba m'kaundula. Zotayazo kawirikawiri zimabwezedwa m'makina kachiwiri kuti njere zabwino zomwe zidakankhidwa molakwika zipulumuke. Khofi wa Geisha ndi wa Nyika, kapena wa chaka chino ndi wotsala wa chaka chatha, sakhala wa mtundu wofanana, choncho muyeso uyenera kuunikidwanso katundu akasintha.

Mdani wamkulu wa kamera ndi fumbi. Khofi wochotsedwa kumene chikhungwa amatulutsa fumbi ndi timakoko topepuka tomwe timamatirira pagalasi loteteza kamera. Makina ambiri ali ndi chopukutira chomwe chimadutsa pagalasilo chokha, komabe ogwira ntchito ayenera kuyeretsa ngalande, galasi ndi masefa a mpweya motsatira ndondomeko. Khofi ayeneranso kudutsa kaye m'makina ochotsa miyala, m'masefa ndi patebulo losiyanitsa njere polingana ndi kulemera kwake. Kamera imabwera pomaliza.

Zimene kamera singachite

Kamera imaona khungu la njere basi. Singadziwe kuti khofi adayanikidwa mokwanira kufika pa chinyezi cha pakati pa 10 ndi 12 peresenti, ndipo singamve fungo la utsi, la dizilo kapena la thumba lomwe kale mudali feteleza. Ingathe kuchotsa njere zakuda, koma singawonjeze kukoma kwa khofi yemwe adathyoledwa wosapsa kapena yemwe adakhalitsa m'thanki yovundikira. Mtengo wa khofi wa ku Misuku umayambabe kumunda ndi pathandala, ndipo ntchito ya alangizi a zaulimi ikadali yoyamba.

Ndi chimodzimodzinso ndi mtedza. Makina otere amachotsa mtedza wofwifwa, wankhungu ndi wonyala, zomwe zimachepetsa chuku, koma kamera wamba siyiona poizoni wa aflatoxin. Katundu wopita kunja ayenerabe kuyezedwa kulabotale, monga ya Malawi Bureau of Standards.

Mafunso oyenera kufunsidwa ndalama zisanatuluke

Funso loyamba ndi la kuchuluka kwa katundu. Makina osankha tani imodzi pa ola amayang'ana njere zoposa 1,300 pa sekondi, ndipo angathe kudutsitsa kontena yathunthu m'maola pafupifupi 20. Makina otere akaikidwa pomwe pali khofi wochepa amagwira ntchito masiku owerengeka n'kukhala miyezi yambiri osayaka, uku ngongole ikudikira.

Popeza kamera imasankha njere zochotsedwa chikhungwa, malo ake oyenera ndi pomwe pali makina ochotsera chikhungwacho, pomwenso khofi wa makopaletivi angapo amakumana. Kuika kamera ku Chitipa kungakhale ndi phindu pokhapokha mndandanda wonse wa makina uli pomwepo, kapenanso ngati makinawo angasankhenso nyemba ndi mbewu zina za m'bomali nyengo ya khofi ikatha. Msewu wa tala wa Karonga–Chitipa, womwe udamangidwa ndi thandizo la dziko la China, udafewetsa ulendo wa katundu, ndipo zimenezi ziyenera kulowa m'masamu osankha malo.

Funso lachiwiri ndi la kukonza. Mavalavu amatha, nyale zimachepa mphamvu, ndipo zonsezi zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Makomiti ogula katundu, omwe amagwira ntchito motsatira malamulo oyang'aniridwa ndi bungwe la PPDA, komanso ounika mapempho a makopaletivi m'ndondomeko monga ya AGCOM, ayenera kuonetsetsa kuti mgwirizano ukutchula zipangizo zosinthira, nthawi yomwe katswiri angafike makina akafa ndi maphunziro a anthu osachepera awiri oyendetsa makinawo. Ndi bwinonso kuti wogulitsa ayese makinawo ndi khofi weniweni wa ku Misuku, ndipo zotsatira zake zilembedwe ndalama zomaliza zisanaperekedwe.

Funso lachitatu ndi la anthu. M'maiko ambiri olima khofi muno mu Africa, ntchito yosankha pamanja imagwiridwa kwambiri ndi amayi, ndipo ndalama zake zimathandiza mabanja pa nyengo yokolola. Makina amachepetsa manja ofunika pantchitoyi, ngakhale kuti khofi wapamwamba kwambiri amadutsabe m'manja mwa anthu makina akamaliza. Makhonsolo ndi atsogoleri a makopaletivi ayenera kukambirana za anthuwa makina asanafike, komanso kugwirizana ndi bungwe la TEVETA ndi makoleji a ntchito zamanja monga a Livingstonia ndi Mzuzu kuti achinyamata a m'chigawo cha kumpoto aphunzire kuyendetsa ndi kukonza makinawa.

Bajeti yomwe ikutchula mtengo wa makina okha, popanda kompuresa, magetsi odalirika, zosinthira ndi maphunziro, ndi yosakwanira, ndipo iyenera kubwezedwa kwa eni ake kuti akaikonzenso isanavomerezedwe.