CD4: Kapitawo wa Asilikali a M'thupi

M'magazi mwathu muli maselo oyera, amene ambirife timawatcha asilikali a m'thupi. Mwa iwo ulipo mtundu wina umene dzina lake limamveka kawirikawiri m'zipatala za m'boma la Phalombe, monga ku Holy Family ndi ku Migowi. Dzinalo ndi CD4.

Maselo amenewa amabadwira m'mafuta a m'mafupa, nakakhwimira m'kachiwalo ka m'chifuwa kotchedwa thymus. Ntchito yawo ndi ya ukapitawo. Akazindikira kachirombo, iwo ndiwo amadzutsa anzawo: ena kuti apange zida zogwirira mdaniyo, ena kuti aphe maselo amene alowedwa kale. Munthu wathanzi amakhala nawo pakati pa 500 ndi 1,500 m'kadontho ka magazi kochepetsetsa, ka muyeso wa kiyubiki milimita imodzi.

Tsono kuopsa kwa HIV ndi kwakuti imalowa mwa akapitawo omwewa, nkuswana m'menemo ndi kuwaononga. Izi zimachitika mwakachetechete kwa zaka zambiri, munthu akulima ndi kukolola bwinobwino. Koma chiwerengerocho chikatsika kufika pansi pa 200, chifuwa chachikulu ndi matenda oumitsa khosi zimapeza khomo lotsekula.

Edzi inapezeka koyamba m'Malawi mu 1985. Kwa anansi athu ku Chiradzulu, bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV mu 2001, ndipo boma linayamba kuwapereka mwaulere mu 2004. Masiku amenewo munthu ankayembekeza kuti adwale kapena CD4 itsike asanapatsidwe mankhwala. Mu 2011 amayi oyembekezera ndi oyamwitsa anayamba kulandira mosayembekeza, ndipo kuchokera mu 2016 aliyense wopezeka ndi kachiromboka amayamba msanga.

Mankhwalawa samaliza kachirombo. Amangokaletsa kuswana, kotero kuti CD4 imachulukanso. Nchifukwa chake wowasiya amabwerera pangozi, ngakhale thupi likuoneka losalala. Inu abambo opita ku usodzi pa nyanja ya Chilwa, ndi inu okachita maganyu ku Mozambique, kambiranani ndi achipatala musananyamuke, kuti mankhwala asakuthereni kutali. Ndipo ngati pakhomo panu pali wina amene anasiya, musamdzudzule ayi. Mperekezeni ku chipatala sabata lomwe lino, akamuyeze ndi kumuyambitsanso, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha, koma matenda awa sayembekeza munthu.