Chimene sikani imaona, ndi chimene siingaone

Ntchito yanga ndi yojambula anthu ndi sikani, imene pa mapepala a chipatala kuno ku Tete amalemba kuti ecografia. Ambiri amene amagona pabedi langa amakhulupirira kuti makinawa amaona thupi lonse, kuchokera kumutu mpaka kuphazi, ndipo amakhumudwa ndikawabweza kuti vuto lawo likufuna njira ina.

Makinawa amagwira ntchito ndi phokoso. Mukakuwa m'munsi mwa phiri la Zóbuè, mawu anu amagunda thanthwe n'kukubwererani, ndipo thanthwe likakhala patali amachedwa kubwera. Kachipangizo kamene timayendetsa pamimba panu kamachita zomwezo. Kamatumiza phokoso lonjenjemera kambirimbiri, kuyambira ka 2 miliyoni pa sekondi, pamene khutu la munthu limalekeza pa 20,000. Phokosolo limayenda m'mnofu pafupifupi mamita 1,540 pa sekondi, ndipo kompyuta imawerenga nthawi imene latenga kuti libwerere n'kupanga chithunzi. Mulibe cheza chonga cha X-ray, n'chifukwa chake timajambula amayi oyembekezera popanda mantha. Dokotala wa azimayi Ian Donald ndi anzake ku Glasgow ndiwo anaonetsa mu 1958 kuti njirayi ingapeze zotupa m'mimba.

Phokosoli limadutsa bwino m'madzi ndi m'ziwalo zofewa monga chiwindi, impso, ndulu, chikhodzodzo ndi chiberekero. Likakumana ndi fupa kapena mpweya limabwerera pomwepo. Mafuta oterera amene timapaka aja si mankhwala ayi, ntchito yake ndi kuchotsa mpweya pakati pa khungu ndi kachipangizoko. N'chifukwa chakenso timati mubwere mutamwa madzi ambiri osakodza tikafuna kuona chiberekero, kapena musadye maola 6 tikafuna kuona ndulu.

Apa ndi pamene ndimalimbana ndi abambo a ku Benga ndi Moatize. Munthu amene wakhala zaka akupuma fumbi la malasha akayamba kutsokomola amafuna sikani, poti ndiyo yamakono. Koma mapapo ndi odzaza mpweya. Ndingaone madzi amene azungulira mapapo, ndingaone m'mphepete mwake, koma zipsera za fumbi kapena mabala a TB amene ali m'kati amafuna X-ray ndi kuyeza makhololo. Kumulipiritsa sikani munthu wotere n'kumuuza kuti ali bwino ndi kumubera.

TB ikathawa m'mapapo, makamaka mwa munthu amene ali ndi HIV, sikani imathandiza kwambiri. Makhololo angaonetse kuti mulibe kanthu, munthu n'kumangowonda. Pali njira yachidule yotchedwa FASH, imene inayambira ku South Africa ndipo ku Malawi amaigwiritsanso ntchito: timayang'ana madzi ozungulira mtima, mapapo ndi matumbo, mwanabere wotupa m'mimba, ndi timadontho takuda mu kapamba. Mphindi zochepa zokha, dokotala wapeza poyambira.

Ana osambira mu Zambezi ndi Revúbuè amatenga likodzo, ndipo chikhodzodzo chawo chimaoneka chokhuthala, nthawi zina impso zitatupa chifukwa mkodzo ukubwerera. Pa ngozi za pamsewu wa Tete kupita ku Zóbuè, umene malole sadukiza, sikani imanena msanga ngati magazi akutayikira m'mimba.

Koma gulu lalikulu ndi la amayi apakati, ndipo funso lawo loyamba ndimalidziwa ndisanayatse makina: wamwamuna kapena wamkazi? Ndimayankha mwana akagona bwino, ngakhale kwa ine ndi funso lotsiriza. Ndimafuna kudziwa ngati mimba ili m'chiberekero kapena yakhala panjira, chifukwa yapanjira ikaphulika mayi angafe tsiku lomwelo. Ndimawerenga ngati ndi mmodzi kapena mapasa. Ndimayang'ana nsengwa, poti ikatseka khomo la chiberekero mayiyo sayenera kuchirira kumudzi kapena pachipatala chaching'ono, akufunika kumene kuli opaleshoni ndi magazi, monga ku Hospital Provincial de Tete. Kudziwa zimenezi miyezi isanakwane kumapatsa banja nthawi yosunga ndalama ya galimoto.

Mu 2016 bungwe la WHO linalangiza kuti mayi aliyense ajambulidwe kamodzi mimba isanafike masabata 24. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti m'miyezi itatu yoyamba ana onse amakula mofanana, ndiye ndikayeza kutalika kwa mwana ndimangophonya tsiku ndi masiku osapitirira 7. Mayi wobwera mwezi wachisanu ndi chitatu ndingamuphonye ndi masabata atatu athunthu, ndipo azamba sangadziwe ngati mwana wapitirira masiku kapena akubwera wosakhwima. Ndikudziwa kuti kwathu mimba yaing'ono siilengezedwa. Kusikelo mungabwere osauza anthu a m'mudzi, ndipo chimene ndaona pa makina chimalembedwa m'buku lanu lokha.